Hotspot ikamadukaduka muli pakati pa ntchito

Pamisonkhano ya pa Zoom kapena Teams pali mawu awiri amene aliyense wogwirira ntchito kunyumba anawanenapo atasowa kwa mphindi zingapo: "Pepani, netiweki." Mabwana amagwedeza mutu, msonkhano n'kupitirira. Koma netiwekiyo timainamizira zambiri. Ine ndakhala ndikugwirira ntchito pakhomo kwa nthawi ndithu, intaneti yanga yonse ikuchokera pa foni, ndipo ndikakumbukira masiku amene ndinasowa pamsonkhano, ambiri mwa iwo vuto linali m'nyumba mwanga momwemo: bandulo yolakwika, foni yotentha, kapena laputopu imene ikudya data chamumtima.

Intaneti ya hotspot, ija foni imagawira laputopu, imadutsa malo atatu isanakufikeni. Imachoka pa nsanja ya kampani ya mafoni kufika pa foni yanu, imachoka pa foni kufika pa laputopu, kenako imagawidwa kwa mapulogalamu a mu laputopumo. Mukapanda kudziwa pamene yadukira, mumakhala ngati sing'anga wopereka mankhwala a mutu kwa munthu wothyoka mwendo. Mumazimitsa ichi, kuyatsa icho, kuchotsa simu, kuipukuta pa malaya, ndipo ikabwerera simudziwa chimene chathandiza. Mawa lake muyambiranso pomwepo.

Choncho musanakhudze china chilichonse, tengani foni, muzimitse Wi-Fi yake, mutsegule Chrome kapena Safari, n'kulowa pa tsamba limene simunalitsegule lero. Lisakhale la Facebook, ndipo musayesere pa WhatsApp. Tsamba likakana kutseguka pa foni yeniyeniyo, laputopu ilibe mlandu, isiyeni. Likatseguka bwinobwino koma laputopu ili duu, vuto lili pakati pa ziwirizi kapena mu laputopumo. Kuyesa kumeneku sikudya ndi mphindi imodzi yomwe.

Foni nayo ikakana

Yambani ndi bandulo, ngakhale mukulumbira kuti munagula dzulo. Chimene chimapusitsa anthu ambiri kuno ndi mabandulo a WhatsApp ndi Facebook, otchipa aja. Mauthenga amalowa, ma status akuoneka, munthu n'kumati intaneti ilipo. Koma bandulo yoteroyo imatsegula khomo la mapulogalamu amenewo basi. Laputopu imalumikizika ku foni, pansi pa dzina la hotspot n'kulemba kuti "No internet", ndipo imelo, Zoom, Google Docs, zonse zimaima. Palinso mabandulo a usiku okhaokha, ndi ena amene data yake imatsala koma masiku atha. Onani balansi, ndipo muwerenge bwino kuti yatsalayo ndi ya mtundu wanji.

Kenako simu. Ambiri tili ndi mafoni a simu ziwiri, ina ya TNM ina ya Airtel, ndipo foni imagwiritsa ntchito imodzi yokha pa data. Mwagula bandulo pa simu yoyamba, foni ikukoka pa yachiwiri: mwina sipatuluka kanthu, mwinanso ikudya mayunitsi anu oimbira mpaka kuwatsiriza osakuuzani. Izi zimachitika kwambiri mukangochotsa simu n'kuibwezera, kapena foni ikangodzikonza yokha usiku. Pa Tecno, Infinix ndi itel muzipeza pa SIM cards, pa Samsung ndi pa SIM manager.

Bandulo ndi simu zikakhala bwino, yatsani Airplane mode kwa masekondi 20 n'kuizimitsa. Si matsenga ayi. Foni imakakamira nsanja imene inagwira poyamba ngakhale itapeza ina yabwino, ndipo mukaidula chonchi imayambiranso kufunafuna. Ikakanabe, pitani mu Settings pa Access Point Names, pamene pali zouza foni polowera intaneti ya kampani yanu, musankhe Reset to default, makamaka ngati foniyo munaigula kwa munthu wina kapena inachokera ku Joni.

A ku Dedza, Ntcheu, Mchinji, Mwanza ndi ku Muloza ali ndi lawo vuto lapadera. Malire ali pafupi, moti foni imatha kugwira netiweki ya ku Mozambique kapena ku Zambia inu muli pakhonde panu. Bandulo ya kuno siigwira kumeneko. Mukaona kachilembo ka R pamwamba kapena dzina la kampani yachilendo, pitani pa Network operators, muchotse kusankha kwa automatic, musankhe nokha kampani yanu.

Timizere ta netiweki musatikhulupirire kwambiri

Timizere tinayi tapamwamba pa foni timangonena za mphamvu imene foni ikumvera nsanja, ndipo kampani iliyonse yopanga mafoni imatiwerengera mwa njira yakeyake. Nambala yeniyeni pa Android ili pa About phone, kenako SIM status, pamene palembedwa dBm. Nambalayo imakhala ndi kachizindikiro kochotsera kutsogolo, ndipo ikamayandikira ziro ndiye kuti zili bwino. Pa 4G, -80 ndi yabwino kwambiri, cha m'ma -100 yayamba kufooka koma ntchito igwirika, ndipo ikadutsa -110 msonkhano wa vidiyo muuiwale.

Muyende nayo foni m'nyumba monse mukuyang'ana nambalayo, kuima masekondi angapo pamalo alionse kuti isinthe. Mudzadabwa kuona kusiyana kwa pakati pa tebulo lanu ndi pawindo la kuchipinda. Denga la malata, zipupa zokhuthala ndi zitsulo za m'mawindo zonse zimafooketsa netiweki. Kwathu malo abwino ndi pawindo la kukhitchini, pamwamba pa kabati ya mbale, ndipo foni imakhala pamenepo tsiku lonse ngati mlonda. Palibe lamulo loti foni ikhale pambali pa laputopu. Wi-Fi yake imafika mamita angapo bwinobwino, choncho foni ikhale kumene kuli netiweki, inu mukhale kumene kuli mpando.

Nanga timizere tikakhala todzaza koma intaneti ikukwawa? Apa ndiye kuchulukana. Nsanja imodzi imagawira anthu onse a m'dera lanu, ndipo madzulo anthu akaweruka, ku Ndirande, ku Area 25, ku Chibavi, aliyense ali pa TikTok ndi YouTube. Ogwira ntchito ndi makampani a ku America ndi amene izi zimawapweteka, chifukwa ku New York kukamati 12 koloko masana kuno ndi 6 kapena 7 koloko madzulo, nthawi yeniyeni imene netiweki yalemedwa. Palibe chimene mungasinthe pa foni chochotsa anthu pa nsanja. Chimene mungachite ndi kutumiza mafayilo akuluakulu m'mamawa, kupempha kuti misonkhano ikhale masana ngati n'kotheka, ndi kukhala ndi simu ya kampani inayo yokhala ndi kabandulo kongodikirira. Kampani imene ili bwino m'dera la mnzanu si imene ili bwino m'dera lanu, ndiye musatengere zokamba za pa minibasi. Yesani zonse ziwiri panyumba panu, pa nthawi imene mumagwira ntchito.

Magetsi akazima nthawi yaitali m'dera lonse, nsanja zimadalira mabatire ndi majenereta, komanso amene amagwiritsa ntchito intaneti ya m'nyumba amathamukira pa mafoni. Netiweki ikafooka nthawi yoteroyo, musavutike ndi kukonza foni.

Chinthu china chimene anthu ambiri sachidziwa: foni imene ilibe VoLTE (njira yoimbira foni pa 4G), kapena sinayatsidwe, ikalandira foni imatsika kuchoka pa 4G kupita pa 3G kapena 2G kuti mulankhule. Ikatero data imachedwa kwambiri kapena kuima kumene, ndipo pa mafoni ambiri a simu ziwiri, wina akaimba pa simu inayo data imadukiratu. Ngati mwaona kuti msonkhano umafa nthawi imene achimwene aimba kufunsa za ndalama ya fetereza, chifukwa chake ndi chimenechi. Yatsani VoLTE ngati foni ndi simu yanu zikulola. Apo ayi, pa Android zina mungasankhe 4G yokha pa Preferred network type nthawi ya msonkhano, koma dziwani kuti popanda VoLTE anthu sakupezani pa foni mpaka mutabwezera. Kusankha 4G yokha kumathandizanso foni imene imangodumphadumpha pakati pa 4G ndi H+ (mtundu wa 3G), chifukwa kudumpha kulikonse kumadula intaneti pang'ono.

Foni ili bwino, laputopu ikukana

Apa ndi pamene pali timavuto tambirimbiri, koma mwayi wake ndi woti tambiri timatha ndi chinthu chimodzi: chingwe. Lumikizani foni ku laputopu ndi chingwe cha USB, muyatse USB tethering pamalo omwe pali hotspot paja. Palibe pasiwedi, palibe mafunde a Wi-Fi osokonezana ndi a aneba, foni ikutchajika pang'onopang'ono ndipo siitentha kwambiri. Ine msonkhano umene ndikuuopa sindiuchitira pa Wi-Fi. Kuipa kwake n'koti foni iyenera kukhala pafupi, ndiye ngati netiweki ili kuwindo, sunthani tebulo kapena gulani chingwe chachitali.

Mawu a USB tethering akakhala otuwa osadinika, ganizirani chingwecho poyamba. Zingwe zambiri zotchipa za pamsika zili ndi mawaya otchajira okha, zilibe odutsa data. Yesani china. A iPhone pa Windows amafunika kuika iTunes kapena Apple Devices kaye, ndi kuvomera pa foni ikafunsa ngati mukuikhulupirira kompyutayo.

Mukafuna kukhalabe pa Wi-Fi, onani kuti vuto lake ndi lotani.

Ngati laputopu siikuona n'komwe dzina la hotspot, kawirikawiri ndi nkhani ya 5 GHz. Mafoni atsopano amatha kuulutsa pa 2.4 GHz kapena pa 5 GHz, pamene malaputopu akale, amene ambirife tinagula ogwiritsidwapo kale ntchito, ena amamva 2.4 GHz yokha. Pa Android sinthani AP band ikhale 2.4 GHz. Pa iPhone 12 ndi zotsatira zake yatsani Maximize Compatibility, imachita chimodzimodzi. Ndipo iPhone ili ndi khalidwe lobisa hotspot yake mukachoka pa tsamba la Personal Hotspot, ndiye khalani pa tsambalo mpaka laputopu italumikizika. Kusiyana kwa ziwirizi n'koti 2.4 GHz imafika patali ndi kubowola zipupa, koma m'nyumba zoyandikana za lendi imapanikizana ndi ma hotspot a ena onse. 5 GHz imathamanga ndipo ilibe phokoso, koma chipupa chimodzi chimaifooketsa. Foni ikakhala chipinda china, 2.4. Ikakhala pa tebulo lomwelo ndipo laputopu ikuiona, 5.

Ngati ikuona dzina koma ikuti "Can't connect to this network", iuzeni iiwale netiwekiyo podina Forget, mulembenso pasiwedi. Izi zimachitika mukasintha pasiwedi pa foni laputopu n'kumayesabe yakale. Onaninso chitetezo cha hotspot: chikakhala pa WPA3, malaputopu akale amakana, chibwezereni pa WPA2. Musachisiye pa None ngakhale mutatopa bwanji.

Ngati imalumikizika koma n'kumaduka mukangochoka pang'ono kukathira tiyi, pali ogona awiri. Android ili ndi kabatani kozimitsa hotspot yokha pakapita mphindi zingapo popanda cholumikizika, ndipo laputopu ikagona foni imaona ngati mwachoka. Kazimitseni. Windows nayo imagoneka Wi-Fi pofuna kusunga batire, makamaka magetsi akazima laputopu ili pa batire. Tsegulani Device Manager, Network adapters, mudine kawiri pa ya Wi-Fi, ndipo ngati pali Power Management muchotse kachongi kololeza kompyuta kuizimitsa. Pa foni muzimitsenso Battery saver ndi Data Saver. Android zambiri zimakana kuyatsa hotspot Data Saver ikakhala yoyaka.

Kutentha

Izi ndikhalitsapo chifukwa zinandivutitsa mwezi wathunthu ndisanazitulukire. Hotspot imagwiritsa foni ntchito ziwiri nthawi imodzi, kulankhula ndi nsanja komanso kuulutsa Wi-Fi, ndipo netiweki ikakhala yofooka foni imakuwa mwamphamvu kuti nsanja iimve. Onjezanipo tchaja, chikwama cha raba, dzuwa la pawindo, ndi mwezi wa Okutobala pansi pa malata. Foni ikatentha imadziteteza yokha: imachepetsa liwiro, imasiya kutchaja, kenako imazimitsa hotspot. Chizindikiro chake n'chosavuta. M'mawa zonse zimayenda, msonkhano umayamba bwino, ndiye pakatha theka la ola mawu amayamba kudukaduka, ndipo mukaigwira foni ili ngati yachoka pa mbaula. A ku Chikwawa, Nsanje, Salima ndi Karonga akudziwa zimene ndikunena.

Ivuleni chikwama. Iimikeni chotsamira kuti mpweya uzidutsa kumbuyo kwake, osati kuigoneka pa bedi kapena pa mpando wa nsalu. Pawindo paja pakhale pamthunzi. Itchajeni idzaze msonkhano usanayambe m'malo moitchaja uli mkati, ndipo ngati n'kofunika kutchaja, tchaja yapang'onopang'ono kapena USB ya laputopu ndi yabwino kuposa zothamanga zija. Musaiike mu firiji, chinyezi chimalowa mkati. Ndipo mukaona chivundikiro chakumbuyo chayamba kutukuka, batire latupa: lekani kuigwiritsa ntchito, ipite kwa okonza tsiku lomwelo.

Kunena zoona, foni sinapangidwe kuti ikhale rauta, chipangizo chogawa intaneti, maola 8 tsiku lililonse. Ngati ntchito ya pa intaneti ndi imene ikukudyetsani, MiFi (karauta kam'thumba) kapena rauta yolowa simu ndi ndalama yogwiritsidwa bwino ntchito. Rauta ili ndi tinyanga tokulirapo, siilandira mafoni a achimwene, ndipo zambiri zimayaka ndi power bank mukapeza chingwe chokweza mphamvu kufika pa 9 V kapena 12 V, malinga ndi zimene zalembedwa kunsi kwake. Ndalama ikavuta, foni yakale ya 4G yong'aluka galasi imene ili m'dirowa imagwira ntchitoyi.

Mbava za m'nyumba

Tsopano tinene kuti foni ili bwino, kulumikizana kuli bwino, koma zinthu zikuchedwa ndipo bandulo ya mwezi yatha pa sabata imodzi. Laputopu ikaona Wi-Fi siidziwa kuti kumbuyo kwake kuli bandulo yogula ndi thukuta. Imangoyamba kukoka Windows Update, imene nthawi zina imakhala ma GB angapo, OneDrive ndi Google Drive n'kumakweza mafayilo, antivirus nayo ikudzikonza. Zonsezi zikulimbirana njira imodzi ndi msonkhano wanu. Pitani pa Settings, Network & internet, Wi-Fi, mudine dzina la hotspot yanu, muyatse Metered connection. Windows ikatero imadziwa kuti data ndi yowerengera ndipo imadziletsa zambiri. Mukagwiritsa ntchito chingwe muyatsenso pa Ethernet, chifukwa imachiona ngati netiweki ina. Pa Mac chofanana nacho ndi Low Data Mode. Kuti mugwire wakuba weniweni, Data usage pa Windows imaonetsa pulogalamu iliyonse ndi zimene yadya m'masiku 30 apitawa.

Foni nayo imaba. Google Photos ikamakweza mavidiyo a ku chinkhoswe cha Loweruka, njira yokwezera imadzaza, ndipo njira imeneyo ndi imene imanyamula mawu ndi nkhope yanu kupita kwa anzanu. N'chifukwa chake nthawi zina inu mumawamva bwinobwino iwo akuti mukudukaduka. Poyeza liwiro pa Speedtest kapena fast.com muziyang'ana nambala ya upload, osati ya download yokha, koma musayeze kakhumi pa tsiku chifukwa kuyezako kumadya data.

Ndiye pali mbava za miyendo iwiri. Pasiwedi imene munapatsa mlamu wanu pa Khirisimasi inafika kwa ana, kwa mnzawo wa ana, mpaka kwa mnyamata wa pa okala. Onani mndandanda wa Connected devices pa foni. Mukapeza zinayi pamene inu muli ndi laputopu imodzi, sinthani pasiwedi, ndipo ngati foni ikulola ikani malire oti chilumikizike chimodzi kapena ziwiri.

Pa msonkhano weniweniwo, kamera ndi imene imadya. Mawu okha safuna ndi 100 kbps yomwe, pamene vidiyo yooneka bwino imafuna 1 mpaka 3 Mbps, ndipo ola limodzi likhoza kumeza pafupifupi 1 GB. Zimitsani HD. Netiweki ikayamba kutsimphina zimitsani kamera yanu musanadikire kuti idukiretu, ndipo pa Zoom ndi Teams mungathenso kuletsa mavidiyo a anzanu kuti muzingowamva. Palibe bwana wanzeru amene angakonde nkhope youma pa sikirini kuposa mawu omveka.

Zotsalira za mu laputopu

Zikakanika zonsezi, tsegulani Command Prompt, pulogalamu ya Windows yolembamo malamulo, mulembe ipconfig. Adiresi ya Wi-Fi ikayamba ndi 169.254, foni sinaipatse laputopu adiresi. Zimitsani hotspot n'kuiyatsanso, kapena lembani ipconfig /release kenako ipconfig /renew. Adiresi ikakhala bwino, lembani ping 8.8.8.8. Mayankho akamabwera koma masamba osatseguka, vuto ndi DNS, imene imamasulira mayina a masamba kukhala manambala. Lembani ipconfig /flushdns, ndipo ikapitirira ikani 8.8.8.8 ya Google kapena 1.1.1.1 ya Cloudflare pa DNS ya Wi-Fi yanu.

Yang'ananinso tsiku ndi nthawi pakona ya sikirini. Malaputopu akale ali ndi kabatire kakang'ono kosunga wotchi, ndipo kakatha kompyuta imadzuka ikuganiza kuti tili chaka china. Masamba onse amayamba kukana ndi uthenga woti kulumikizana si kotetezeka, munthu n'kumatukwana netiweki. Konzani tsiku, zonse zitseguka.

A laputopu ya kuntchito, yesani kuzimitsa VPN, pulogalamu yolumikiza laputopu ndi netiweki ya kuntchito, kwa mphindi imodzi ngati malamulo a kampani akulola. Intaneti ikabwerera, nkhaniyo ndi ya a IT akuntchito kwanu, ndipo muwauze kuti muli pa hotspot ya foni chifukwa VPN zina zimafuna kusinthidwa kuti ziyende pa netiweki ya mafoni. Network reset ya Windows ndi Reset network settings ya pa foni zikhale zomalizira, popeza zimafufuta mapasiwedi onse a Wi-Fi amene munasunga.

Ngati mwayesa simu yanu mu foni ina, pamalo ena, bandulo ilipo, koma sizikuyendabe kwa masiku, imbirani kampani yanu. Musangoti netiweki ikuvuta. Auzeni dera, maola amene imavuta, nambala ya dBm ija ndi liwiro limene munayeza, ndipo mufunse nambala ya dandaulo lanu muilembe penapake. Akapanda kukuthandizani, nambala imeneyo ndi imene mudzapite nayo ku MACRA, bungwe loyang'anira makampani a mafoni.